Mayi Lifunanji ndi Pepala la Mabvuto

Mayi Esnati Sakala tinawaika m'manda Loweruka lapitali, kuseri kwa tchalitchi cha mishoni, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo ananena zoona zokhazokha: kuti anabadwira kuchigawo cha kum'mawa, kuti anaphunzitsa sayansi m'boma lino la Chongwe mpaka kupuma pantchito, kuti amuna awo anatsogola kalekale, ndipo asiya ana atatu ndi zidzukulu. Koma dzina limene anthu ambiri pamaliropo ankawadziwa nalo sanalitchule. Ndinalimva kumbuyo kwanga, kwa amayi awiri obereka ana kumsana.

"Ba Lifunanji bayenda," anatero mmodzi.

"Bayenda zoona," anayankha mnzakeyo. Anaseka pang'ono, kenako anabisa nkhope m'chitenje.

Dzinalo anawapatsa ndi ana a sukulu. Ine ndinalipeza lilipo kale pamene ndinafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nditangochoka kukoleji, kudzaphunzitsa masamu pasukulu yapafupi ndi mishoniyo. Iwo ankaphunzitsa sayansi Giredi 8 ndi Giredi 9. Anali aafupi, a mawu otsika, ndipo mwendo wawo wakumanzere unkawavuta, moti ana ankawazindikira ndi kayendedwe asanawonekere pakhomo. Labotale panalibe. Zipangizo zawo zinali mabotolo akale, mabatire otha, mawaya otola, ndi zitini zomeretsamo nyemba zimene ankazindandalika pazenera.

Mwana akakweza dzanja kuti ayankhe, iwo sankamulola kuyamba ndi yankho. Ankayamba amufunsa kuti funsolo lifunanji. Ndi pamene panachokera dzina lija. Mwanayo akabwereza funso monga lalembedwera, ankapukusa mutu. Ankafuna alinene m'mawu akeake, ngakhale m'Chinyanja kapena m'Chisoli. Ankati ana ambiri salephera chifukwa chosadziwa sayansi, koma chifukwa amalowa m'mayeso atanyamula kale yankho kuchokera kunyumba, ndipo amalitula pa funso lililonse limene lafanana nalo nkhope. Munthu akakufunsa njira ya kuchipatala, iwo ankatero, usayambe kumuuza amene anamanga chipatalacho.

Mayeso ankabwera m'Chingerezi, chilankhulo chimene ana athu ambiri ankachisiya pageti pa sukulu akaweruka. Choncho Mayi Sakala ankatha masiku pa timawu tating'ono tolamula timene timayambitsa funso. Funso lonena kuti tchula si limodzi ndi lonena kuti fotokoza, ndipo lonena kuti siyanitsa likufuna uone mbali zonse ziwiri. Mwana aliyense ankayenera kudula mzere ndi pensulo pansi pa liwu lolamulalo asanalembe kanthu. Kenako ayang'ane malikisi a m'mbali. Funso la malikisi awiri likufuna mfundo ziwiri, osati ulaliki. Amene walemba tsamba lonse pa funso la malikisi awiri ankamuyerekeza ndi munthu wothira feteleza wa munda wonse pa phando limodzi.

Ine ndemwe sindinapulumuke. M'teremu yanga yoyamba anandipempha kuti ndiwathandize kuchonga mapepala. Mwana wina anawerengetsera bwino kulemera kwa mwala, koma pamapeto anangolemba nambala yokha osanena kuti ndi magalamu. Ndinamupatsa malikisi onse. Mayi Sakala anatenga pepalalo, analiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Ba Daka, makumi awili a chani? Mbuzi?"

Anabwereka cholembera changa chofiira, analemba pambali pa nambalayo kuti "mbuzi?", ndi kuchotsapo malikisi. Ndinadzaona pambuyo pake kuti makope a ana onse anali odzaza mbuzi zoterozo. Pofika Novembala zinkakhala zitatha.

Chimene ana ankadana nacho kwambiri chinali Lachisanu. Tsiku limenelo ankalowa m'kalasi osapereka moni wautali, n'kungolamula kuti mabuku atsekedwe. Aliyense ankalandira pepala lopanda kanthu, nthawi zambiri kuseri kwa mapepala akale a muofesi, n'kuuzidwa kuti alembe zonse zimene akukumbukira za mtima, kapena za magetsi, kapena za kayendedwe ka madzi m'chomera. Akatha, ndi pamene ankatsegula buku ndi kudzichonga yekha. Ana ankadandaula kuti dzulo lomwe anawerenga ndipo zonse ankazidziwa. Iwo ankayankha kuti maso ndi abodza. Tsamba ukaliona kawirikawiri limakhala ngati munthu amene umakwera naye minibasi masiku onse: nkhope ukuidziwa, koma wina akakufunsa dzina lake umangoti kakasi.

Ankaonanso kuti mwana akasiyidwa yekha amabwereza zimene akuzidziwa kale, chifukwa n'zimene zimamukomera. Ana otere ankawauza kuti akupalira m'munda mopalira kale pomwe udzu wakula mbali ina. Ndiye aliyense ankayenera kutchula poyera mutu umene amauopa, ndipo ndi umenewo umene ankayamba nawo. Analinso mdani wa chizolowezi chimene chinkafala mayeso akayandikira, choviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Akaona mwana wa maso ofiira m'mawa ankamutumiza kukagona pansi pa mtengo, osati monga chilango koma ngati mankhwala. Pang'onopang'ono tsiku lililonse, ankatero, kuyambira Januwale. Mbuzi sinenepa tsiku la msika.

Ntchito ya kunyumba imene ankaikonda inali yoti mwana akafotokozere mayi ake zimene waphunzira. Ukakanika kuwafotokozera amene anakubala, ndiye kuti sunamve. Tsiku lina mayi wina wa kumafamu anafika pasukulu atanyamula khasu paphewa.

"Ba Madam, mwana wanga wanilemesa. Nikonola chimanga, iye ali pa khutu: mtima uli na zipinda zinayi, mtima uli na zipinda zinayi. Nanga ine nizalemba mayeso?"

"Manje zipinda ni zingati, amake mwana?"

"Zinayi, kaili!"

"Ndiye mwana wanu wapasa. Pitani mukalime."

Koma si onse amene ankachoka akuseka. Mayi Sakala anali munthu wovuta kukhala naye, ndipo ndingawanamizire nditanena kuti ankakondedwa ndi aliyense. Ndi a hedi athu, Bambo Mweemba, ankakangana chaka ndi chaka. A Mweemba ankafuna silabasi ithe msanga, manotsi adzaze m'makope, kuti oyendera sukulu akabwera apeze umboni wa ntchito. Lachisanu la mabuku otseka ankaliona ngati kutaya tsiku. Mayi Sakala ankawayankha pamaso pa aphunzitsi onse kuti kope silikalemba mayeso. A Mweemba sanali munthu woipa, ndipo nkhawa yawo inali ndi mutu: chaka china mayeso anafunsadi mutu umene kalasi inali isanafike, ana n'kusiya mbali yonse yopanda kanthu. Zimenezo Mayi Sakala sanazivomereze ndi pakamwa. Anangoyamba kubwera Loweruka m'mawa.

Anakangananso ndi akuluakulu a mpingo, ngakhale iwo eni anali Mkatolika wosajomba Misa. Nkhani inali ya mutu wa kubereka. Aphunzitsi ambiri ankaudumpha, kapena kungouza ana kuti akawerenge okha. Iwo ankaujambula pabolodi, kutchula chiwalo chilichonse, anyamata ndi atsikana ali pamodzi. Makolo anakadandaula kuti akuphunzitsa ana zolaula. Ataitanidwa kubwalo la tchalitchi, anamvetsera onse mpaka kumaliza, kenako ananena kuti funsolo limabwera m'mayeso, ndipo olemba mayeso safunsa ngati mwana anachita manyazi. Anawonjezera kuti pali atsikana amene asiya sukulu chifukwa chosadziwa zomwezo. Bwalo linatha popanda chigamulo. Amayi ena anakhala miyezi osawapatsa moni.

Panalinso bambo wina wogwira ntchito m'boma ku Lusaka, mmodzi mwa amene anamanga pamapuloti atsopano ndipo ankapita kutauni m'mawa uliwonse. Mayeso atayandikira, anafika kunyumba kwawo ndi pepala lopindapinda, akuti ndi mafunso obedwa amene ankayendayenda kutauni. Ankafuna aphunzitsi amulembere mayankho a mwana wake. Mayi Sakala sanalitambasule n'komwe. Anamuuza kuti alibweze m'thumba, ndipo kuti mwanayo akafuna thandizo abwere yekha ndi kope. Mwanayo sanabwere. Bamboyo anamusamutsira kusukulu ina.

Zonsezi ndimazikumbukira, koma ndikatseka maso chimene chimabwera ndi m'mawa wina wa mayeso a Giredi 9, tsiku la pepala la sayansi.

Mvula inali itagwa usiku wonse, mvula yoyamba yamphamvu chaka chimenecho. Ana athu ena ankachokera kumafamu a tsidya lina la kamtsinje kamene nthawi zambiri munthu ankangokadumpha. M'mawawo, ana atandanda pakhomo la chipinda cha mayeso, tinapeza kuti atatu palibe: mtsikana wotchedwa Misozi, kamnyamata kakang'ono thupi kotchedwa Yona, ndi Mabvuto. Mabvutoyu anali wamtali, wosalankhulalankhula, wamkulu pang'ono kuposa anzake chifukwa anayamba sukulu mochedwa. Pa sayansi panalibe womuposa. Mayi Sakala sankayamikira mwana pamaso, koma Mabvuto ankamupatsa mafunso ovuta kuposa a ena, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake.

Mkulu woyang'anira mayeso anali mphunzitsi wochokera kusukulu ina, bambo waulemu amene sitinkamudziwa. Anadikira pang'ono, kenako anatsegula envulopu, mayeso n'kuyamba. Anatikumbutsa lamulo: mwana wochedwa kupitirira theka la ola salowa. Mphunzitsi wa phunziro lolembedwalo saloledwa kuyandikira chipinda, choncho Mayi Sakala anakaima pageti ndi ambulera, akuyang'ana njira ya kumafamu. Ine ndinaima nawo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, tinaona awiri akuthamanga m'matope. Anali Misozi ndi Yona, atanyowa mpaka m'chiuno. Misozi ankalira.

"Ba Madam, Mabvuto wagwa mu madzi! Anatiwolosa ise, ndiye anatelela."

"Wachoka mu madzi?"

"Wachoka, koma wadzichita mwendo. Anakamba kuti tithamange."

"Uyo nisiyile ine."

Anagwira manja a Misozi n'kuwapukuta ndi chitenje chawo, chala chimodzichimodzi, ngati kuti nthawi ilipo yambiri. Anatulutsa zolembera ziwiri m'thumba la juzi. Kenako anawerama kuti maso awo alingane ndi a anawo.

"Niyang'aneni. Nthawi yamene yapita siizabwela, musaithamangile. Mukankhala pansi, pumani. Welengani pepala yonse. Yambani na funso yamene mudziwa. Yamene yakukangani, isiyeni, muzaibwelela. Mwamvela? Lowani."

Anawo analowa. Theka la ola linakwana, linapitirira. Ine ndinkafuna kuthamangira kumtsinje, koma ndisananyamuke tinamuona Mabvuto akutulukira pakona ya munda wa mishoni. Ankayenda mokoka mwendo. Buluku linali litang'ambika, bondo likutuluka magazi, matope mpaka pachifuwa. M'dzanja anali atafumbata kapulasitiki ka shuga momwe munali zolembera ndi rula. Madzi anamukokolola, koma kameneko sanakataye.

Mayi Sakala anamugwira pamkono n'kupita naye molunjika kuchipinda cha mayeso, kumene iwo sankaloledwa kufika. Woyang'anira uja anatuluka, n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Bambo, mwana uyu wachedwa chifukwa cha madzi. Onani mwendo."

"Naona, Madam. Nimumvela chifundo. Koma nthawi yapitilila."

"Mupatseni chabe yamene yasala. Sapempha yowonjezela."

"Nikamulowesa, ndiye bakamvela ku likulu, bangakane mapepala ya ana onse aba. Mufuna nionongele onse chifukwa cha mmodzi?"

Pamenepo ndinaona chimene sindinayembekezere kudzaona. Mayi amene sanagonjerepo a hedi, amene anaima njii pamaso pa bwalo la tchalitchi, anapinda mwendo wawo wodwala uja movutikira n'kugwada m'matope. Ambulera inagwera pambali. Anangoomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu wopempha kwa mkulu.

Bamboyo anasokonezeka. Anavula magalasi, anawavalanso.

"Nyamukani, amai. Napapata, chonde, nyamukani. Imwe ndimwe makolo anga. Lamulo sininapange ndine."

Anayang'ana wotchi yake, anayang'ana Mabvuto, ndipo ndikhulupirira kuti panali kamphindi kamene anatsala pang'ono kutsegula chitseko. Koma sanatsegule. Analowa yekha.

Amene anawadzutsa Mayi Sakala anali Mabvuto. Iwo anapita naye kukachipinda kosungiramo zipangizo, anatsuka bondolo ndi madzi a mchere, analimanga ndi nsalu. Awiriwo anakhala momwemo mpaka belu lomaliza mayeso linalira.

Ana atabalalika, Mayi Sakala anabwerera kwa woyang'anira uja kukapempha pepala limodzi la mafunso mwa otsala. Mayeso anali atatha, ndiye panalibe choletsa. Bamboyo anawapatsa ndi manja awiri, maso ali pansi. Anamutengera Mabvuto m'kalasi yawo, anamukhazika padesiki la pakati, anamuikira mapepala oyankhirapo, kenako anandiitana.

"Ba Daka, muli na nkoloko. Muyang'anile. Mumupase nthawi yonse ya pepala, osachosako, osawonjezela."

Mabvuto anawayang'ana ngati sakumva.

"Ba Madam, nilembelenji? Siizawelengewa."

"Ku Lusaka siizawelengewa. Nizawelenga ine. Yamba."

Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Ine ndinatsala ndi mnyamatayo. Kwa kanthawi anangokhala, manja ali pamiyendo. Ndinkaganiza kuti adzuka n'kumapita, ndipo sindikanamuletsa. Koma anamasula kapulasitiki kaja. Anawerenga pepala lonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anatenga pensulo n'kuyamba kudula mizere pansi pa mawu. Anayamba ndi funso la magetsi, limene linali pakati. Lina analidumpha, n'kudzalibwerera kumapeto. Ali mkati molemba misozi inayamba kugwera papepala. Ankaipukuta ndi mkono, osasiya kulemba. Nditanena kuti nthawi yatha, anaika cholembera pansi ngati m'mayeso enieni.

Mayi Sakala anachonga pomwepo, iye akudikira. Sanamuchitire chifundo ngakhale pang'ono. Pamene anaphonya anamuchotsera, ndipo chithunzi china anachidula malikisi chifukwa mzere wolozera sunakhudze chiwalo chimene unkatchula. Ngakhale zinali choncho, malikisi amene anatuluka anali apamwamba kuposa amene mwana aliyense anapezapo m'mayeso oyeserera chaka chimenecho. Anamupatsa pepalalo.

"Izi ndiye zako," anatero.

Mabvuto analandira, sanathokoze, ananyamuka n'kumapita akutsimphina.

A Mweemba atamva, anakwiya kuposa masiku onse. Anati imeneyo ndi nkhanza, kuli ngati kuonetsa mwana wanjala chakudya pazenera lotseka. Mwanayo akanangopita kwawo akudziwa kuti mtsinje wamulanda mwayi, osati kunyamulanso umboni wa kukula kwa chimene wataya. Mayi Sakala anayankha kuti zaka zikapita anthu adzaiwala za mtsinje, adzangoti analephera, ndipo iye mwini adzayamba kukhulupirira. Ine ndinali pomwepo, ndipo mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona. Masiku ena ndimakhala mbali ya a Mweemba.

Zotsatira zitatuluka, Misozi anasankhidwa kupita ku Giredi 10. Yona sanakwanitse. Mabvuto anakhoza bwino maphunziro ena onse, koma popanda sayansi malikisi ake sanafike pamene ankafunika. Mayi Sakala anayenda kangapo ndi mwendo wawowo kupita kwa bambo ake kukapempha kuti mnyamatayo abwereze. Bamboyo anali atangolandira malo ku Kanakantapa, chilala chinali chitawathera ng'ombe, ndipo mwana wamkulu wamwamuna anali yekhayo. Anawalandira mwaulemu, anawapatsa maungu, koma anakana. Banjalo linasamuka mvula isanathe.

Kuyambira chaka chotsatira, mayeso akayandikira, Mayi Sakala ankasonkhanitsa ana onse a tsidya lina. Anyamata ankagona m'holo ya mishoni, atsikana m'nyumba yawo, pamphasa, mpaka pepala lomaliza. Makolo ena anakana, akuti mwana wamkazi sagona kwa eni. Iwo ankapita khomo ndi khomo, osachoka mpaka atamutenga mwanayo. M'kalasi anawonjezera phunziro limene silinali m'silabasi: kuti mayeso amayamba dzulo lake, ndi kuyang'ana kumwamba, kukonza zolembera, kudya, ndi kugona pafupi. Dzina la Mabvuto sanalitchulepo m'kalasi ngakhale kamodzi.

Chaka chatha ndinakumana naye pamsika wa ku Chongwe, akutsitsa mabokosi a tomato pagalimoto. Ndi bambo tsopano, wa mapewa otambalala, ali ndi mkazi ndi mwana. Anandizindikira ndi iyeyo. Titacheza za mvula ndi za tizilombo ta m'dimba, ndinalimba mtima n'kumufunsa za tsiku lija.

"Ninakwiya nabo, ba Sir," anatero. "Zaka. Pepala ija ninaing'amba nikalibe kufika na ku nyumba."

"Nanga manje?"

Anapukuta tomato ndi malaya.

"Manje sinidziwa. Koma nikamvela munthu akamba kuti Mabvuto anafeluka mayeso, sinimuyankha. Niseka chabe."

Ndinamuuza kuti Madam akudwaladwala, ndipo angakondwe kumuona. Anati adzapita. Ndinamva pambuyo pake kuti ankatumiza ndiwo zamasamba kudzera mwa anthu a njinga, koma iye mwini sanapondeko. Pamaliro anabweretsa thumba la kabichi m'mamawa, analitula kwa amayi ophika, n'kubwerera mwambo usanayambe.

Mayi Sakala atapuma pantchito sanabwerere kum'mawa. Anamanga kanyumba ka malata pamalo amene anagula kuseri kwa munda wa mishoni. Matenda a shuga anawafooketsa, maso anayamba kuchita nkhungu. Ndinakawaona komaliza mu Ogasiti. Ndinawafotokozera zimene Mabvuto ananena pamsika paja, ndikuganiza kuti ziwatonthoza. Anamvetsera, mutu utapendekeka.

"Pepala siiniwawa, ba Daka," anatero. "Chamene chiniwawa ni mitambo. Ninaiona madzulo yaja, ana bakalibe kuyenda. Na malo m'nyumba yanali. Ninangokamba kuti mugone bwino, mubwele mwamsanga."

Ndinayesa kunena kuti palibe amene akanadziwa. Anakweza dzanja kundiletsa, kenako anandifunsa ngati ana anga a chaka chino ayamba kale mafunso a mayeso akale, kapena ndikudikira Okutobala monga mwa masiku onse.

Dzulo nditaweruka ndinadutsira kunyumbako. Achibale abwerera kwawo, chitseko chili ndi loko. Pabwalo pali phulusa la moto wa maliro, ndi njerwa zitatu zakuda zimene anaphikirapo. Khoma la pakhonde analipaka utoto wakuda kuti likhale bolodi, chifukwa ana a m'mudzimo ankabwerabe madzulo ndi makope awo, iwo n'kumawamvetsera ali pampando wa nsungwi pakona. Olira anatsamira khomalo masiku atatu, ndiye zolembedwapo zinafufutika, kwangotsala theka la chithunzi cha duwa m'mwamba momwe misana sinafike. Mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. Mpando uja anautenga mwana wawo wamkazi, ndipo pasimenti pangotsala timabowo tinayi pamene miyendo yake inadya.

Pamphepete pa khondelo panali atsikana awiri ovala yunifolomu, makope ali pamiyendo. Sanandione. Mmodzi anali atatseka kope lake, akufotokozera mnzake mmene magazi amayendera kuchoka kumtima kupita kumapapo. Pena anakakamira, anabwereza, anapitiriza mpaka kumaliza. Atamaliza, onse awiri anatembenukira pakona paja kuti amve ngati zili bwino. Panali nkhuku ikudzikuta m'fumbi. Anakhala choyang'ana kwa kanthawi, kenako winayo anatsegula buku kuti aone okha.